Mwana Wanga Si Maliro

Mwezi wa Marichi ukamapita kumapeto, foni yanga imalira kuposa masiku onse. Oimbawo ndi anthu aulemu, ambiri ndi achinyamata a mtima wabwino ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo pempho lawo silisintha: pa 2 Epulo kuli ulendo wandawala wodziwitsa anthu za autism, kodi bambo mungabwere ndi mwana wanu, kodi mungadzayankhulepo pang'ono za mavuto amene banja lanu likukumana nawo? Palibe amene anandipemphapo kuti ndikanene zimene mnyamatayu amakonda, kapena ntchito imene amagwira. Palibenso amene anafunsapo ngati mwiniwakeyo akufuna kubwera.

Ndine bambo wa mnyamata wa zaka 19 amene ali ndi autism. Mawu ake ndi ochepa, ndipo ambiri amangowabwereza mmene anawamvera. Phokoso la chimkuzamawu limamulasa m'makutu mpaka amagwira mutu n'kukhala pansi. Ndili ndi kasitolo kogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo iyeyu ndiye amasanja misomali, mabawuti ndi maloko, chilichonse m'kabokosi kake. Ndanena zimenezi kuti mudziwe pamene ndaima ndisanayambe kudzudzula. Dandaulo langa ndi lakuti makampeni ambiri a autism, aja akunja komanso awa tikukopera kuno, amaonetsa mwana ngati tsoka ndipo banja lake ngati anamfedwa. Chithunzi chimenechi chimapweteka anthu omwewo amene akuti akuwathandiza.

Tiyambe ndi kumene zinachokera. Tsiku la 2 Epulo linakhazikitsidwa ndi msonkhano waukulu wa United Nations mu Disembala 2007, dziko la Qatar ndilo linabweretsa ganizoli, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 2008. Koma buluu amene amadzaza matisheti ndi zikwangwani patsikuli si wa United Nations. Anachokera ku bungwe la ku America la Autism Speaks, limene mu 2010 linayamba kupempha kuti nyumba zikuluzikulu padziko lonse ziziyatsa magetsi a buluu. Bungweli linayambitsidwa mu 2005 ndi Bob Wright, amene anali mkulu wa kanema wa NBC, pamodzi ndi mkazi wake Suzanne, mdzukulu wawo atapezeka ndi autism. Sindikayika kuti mdzukuluyo ankamukonda. Koma anali anthu odziwa bwino chimene chimagwira mtima wa woonera kanema, ndipo anasankha mantha.

Mu 2006 bungweli linatulutsa kafilimu kotchedwa Autism Every Day. Mmenemo amayi angapo akufotokoza za kutopa kwawo, ana akulira, akuthawa, akukokedwa dzanja. Mmodzi wa amayiwo, Alison Singer, amene panthawiyo anali mmodzi wa akuluakulu a bungwelo, anaulula kuti anaganizapo zolowetsa galimoto mumtsinje kuchokera pa mlatho wa George Washington ali ndi mwana wake wamkazi wa autism, ndipo kuti chinamubweza ndi kuganizira mwana wake winayo. Akunena izi, mwana amene ankanenedwayo anali pomwepo m'chipindamo. Mayiyo sindimuweruza. Aliyense amene anachezerapo usiku wathunthu ndi mwana wosagona, kwa miyezi, amadziwa maganizo amene amabwera tambala asanalire. Amene ndimawafunsa ndi amene anakhala pansi kudula ndi kulumikiza filimuyo, n'kuona kuti mawu amenewa ndi oyenera kuulutsidwa, ngati kuti mwanayo ndi mpando wa m'nyumba, samva ndipo sadzakula n'kudzaonera.

Chaka chotsatira, mu Disembala 2007, chipatala cha ana cha yunivesite ya New York, NYU Child Study Center, chinapachika zikwangwani mumzindawo zolembedwa ngati makalata a anthu oba ana ofuna dipo. Chikwangwani cha autism chinkauza makolo kuti mwana wanu tamugwira, ndipo tionetsetsa kuti asadzathe kudzisamalira kapena kucheza ndi anthu moyo wake wonse. Mu 2009 Autism Speaks inabwera ndi kanema wina, I Am Autism, wojambulidwa ndi katswiri wa mafilimu Alfonso Cuarón. Mukuona ana akusewera okhaokha, pagombe, pabwalo, uku mawu a mwamuna oopseza akuyankhula m'malo mwa autism, kudzitama kuti adzathetsa ukwati wanu, adzakusaukitsani, adzakulandani tulo ndi chiyembekezo. Ngakhale chizindikiro chija cha kachidutswa ka masewera olumikiza zidutswa, chimene lero timasindikiza osafunsa, chinayamba mu 1963 ku National Autistic Society ya ku London, ndipo pa chidutswa choyambacho panali chithunzi cha mwana akulira.

Bwanji zinthu zonsezi zikufanana? Chifukwa mantha amatsegula chikwama. Mwana amene akusanja misomali mwakachetechete sabweretsa cheke. Mwana amene akudzimenyetsa mutu kukhoma, mayi ake ali pambali misozi ili mbwee, ameneyo amabweretsa. Aliyense amene analembapo pempho la ndalama kwa opereka thandizo akudziwa zimenezi, ngakhale sangavomere pagulu.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za ku America, zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa buluu tamutenga, kachidutswa takatenga, ndipo kayankhulidwe kake takatenganso, koma nthaka imene mbewuyi ikugwerapo kuno ndi ina. Munthu wa ku New York akawerenga kuti mwana wabedwa ndi autism amadziwa kuti ndi fanizo chabe. Kwathu kuno si fanizo. Anthu amakhulupirira zenizeni kuti nzeru za mwana zikhoza kutengedwa, ndipo amadziwanso wozitenga. Ine ndine wabizinesi, ndiye mutha kuona nokha chimene chimanenedwa ndikatembenuka: anamukhwimira mwana uja, anamuika m'chizimba kuti sitolo iziyenda. Ndinamvapo mawu amenewa pamaliro, kuchokera kwa munthu amene ankaganiza kuti ndili kutali. Mkazi wanga nayenso ali ndi mlandu wake: mwina anayenda njira zina ali ndi pakati, mwina kumtundu kwawo kuli choipa. Mabanja ena atha chifukwa cha zoterezi, mwamuna kunyamuka n'kunena kuti kwathu kulibe ana otere. Tsono pamene woyankhula pamsonkhano wa pa 2 Epulo akuti mwana weniweni watsekeredwa m'kati, autism yatilanda ana athu, akuthira mafuta pamoto umene unayaka kale. Womvera pawailesi kumudzi samva zoti pali kusiyana kwa kapangidwe ka ubongo. Amamva kuti zoonadi, mwana uja anatengedwa.

Kuloza chala mayi si kwa ife tokha ayi. Ku America komweko, Bruno Bettelheim analemba buku mu 1967, The Empty Fortress, lonena kuti autism imabwera chifukwa cha makolo ozizira mtima, makamaka amayi, ndipo amayi ambiri anasenza mlandu umenewu zaka zambiri usanatsutsidwe. Kenako kunabwera Andrew Wakefield wa ku Britain mu 1998, amene anagwirizanitsa autism ndi katemera wa chikuku. Magazini ya The Lancet inachotsa nkhani yakeyo mu 2010 ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala chaka chomwecho, koma bodzalo likuyendabe pa WhatsApp mpaka lero. Chimene kafukufuku wasonyeza ndi chakuti autism kwakukulukulu ndi chibadwa, ubongo umakula mwanjira ina kuyambira mwana ali m'mimba, ndipo zotengera zake zimachokera mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi. Palibe wolakwa. Mawu awiri amenewa akanakhala pa chikwangwani chilichonse, akanapulumutsa maukwati ambiri kuposa matisheti onse a buluu.

Manambala nawonso amagwiritsidwa ntchito poopseza. Bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, linalengeza mu 2007 kuti mwana mmodzi mwa ana 150 ali ndi autism, ndipo mu 2025 linati mmodzi mwa 31. Okonda mantha amathamangira kunena kuti ndi mliri. Koma gawo lalikulu la kukwerako ndi lakuti tanthauzo la autism linakulitsidwa ndipo ana ambiri akuyezedwa kusiyana ndi kale. Munthu amene anaona kolera ndi Covid-19 ukamuuza kuti chinthu chikufalikira, mawa adzaletsa ana ake kusewera ndi mwana wanga.

Tsopano ndimve mbali ina, chifukwa ilipo ndipo ndi yolemera. Pali mayi amene angandiuze kuti: "Inu bambo mukuyankhula chifukwa wanu amasanja misomali. Wanga ali ndi zaka 12, amadziipitsira, amathamangira pamsewu, amagwa khunyu, amandiluma. Mukufuna ndiziseka pachithunzi?" Ayi mayi, sindikufuna zimenezo. Autism ili ndi nkhope zambiri, ndipo ena amafunika munthu pambali pawo usana ndi usiku moyo wawo wonse. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi The Lancet anafika mu 2021 popereka ganizo lakuti gulu limeneli lizitchulidwa padera, poopa kuti laiwalika. Ifenso m'nyumba mwathu tinadutsa zaka zimene mbale zinkasweka ndipo alendo anasiya kubwera. Kubisa zimenezi ndi bodza.

Ndipotu bodza la mbali inayi ndimadana nalo chimodzimodzi. Kuchokera pa filimu ya Rain Man ya mu 1988 mpaka sewero la pakanema la The Good Doctor, anthu anaphunzira kuti wa autism aliyense ndi katswiri wobisika. Makasitomala ena akamva za mwana wanga amayamba kumuponyera masamu, 47 kuchulukitsa ndi 83, akudikira chozizwitsa. Akangowayang'ana n'kubwerera ku misomali yake amakhumudwa, ngati wawabera. Ndiye kuti mwanayu ali ndi njira ziwiri zokha zoonekera pagulu: akhale tsoka kapena akhale chodabwitsa. Kukhala mnyamata wamba wokonda mandasi otentha ndi kuonera malole akudutsa, zimenezo sizilowa mu kamera.

Nkhani yagona pa kumene kamerayo yaloza. Tengani mayi amene amamangirira mwana wake ndi chitenje kumwendo wa bedi. Wojambula akafika amajambula chitenjecho, mwendo wotupawo, maso a mwanayo, ndipo tonse timagwira pakamwa. Koma atangotembenuza kamera pang'ono akanaona chifukwa chake. Mayiyo ayenera kupita kudimba ndi kumjigo, bambo anathawa, agogo akalamba, ndipo kusukulu anamubweza mwanayo ponena kuti akusokoneza anzake. Mphunzitsi amene anamubwezayo nayenso sindingamunyoze, ali yekha ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, koma amene amatuluka kumeneko sakwanira sukulu zonse za dziko lino. Akatswiri ophunzitsa mwana kuyankhula ndi ochepa kwambiri, ndipo kuti ukawapeze uyenera kukhala ndi ndalama ya minibasi yopita kutauni, kupita ndi kubwera, mobwerezabwereza. Malo ngati a St John of God ku Mzuzu amathandiza ana otere, koma mayi wa ku Nsanje kapena ku Mchinji akafika bwanji? Kutopa kwa mayi uja ndi koona, koma theka lake silichokera mwa mwana. Likuchokera m'zitseko zimene zatsekedwa pamaso pake.

Kusiyana kwake kumaoneka pa chimene omvera amachita akabwerera kunyumba. Ukawaonetsa tsoka, amabweretsa sopo, shuga ndi pemphero, ndipo amaona kuti mbali yawo akwanitsa. Ukawaonetsa mwana amene wamanidwa malo m'kalasi, amayamba kufunsa kuti kodi lamulo likuti chiyani. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2024 tinakhala ndi lamulo latsopano la anthu aulumali lolowa m'malo mwa lija la 2012. Mlendo wolemekezeka amene wavala tisheti ya buluu patsikuli ayenera kufunsidwa pomwepo, pamaso pa atolankhani, kuti mu bajeti ya chaka chino ndalama za maphunziro a ana amenewa ndi zingati ndipo zinafika kusukulu ziti. Kumulola kuti angopukuta misozi n'kukwera galimoto ndi kumumasula msanga.

Zikwangwani za dipo zija za ku New York sizinathe mwezi. Amene anazigwetsa ndi anthu a autism eniake, motsogozedwa ndi bungwe lawo la Autistic Self Advocacy Network limene linayamba mu 2006, ndipo mmodzi wa oliyambitsa, Ari Ne'eman, anali mnyamata wa pakoleji. Kanema wa Cuarón nayenso anachotsedwa anthu omwewa atakwiya. Kale mu 1993, pamsonkhano wina ku Toronto, Jim Sinclair, yemwe ali ndi autism, anali atapempha makolo kuti asiye kulira maliro a ana amene ali moyo. Mu 2013 wolemba mabuku John Elder Robison, amenenso ali ndi autism, anatula pansi udindo wake wa ulangizi ku Autism Speaks, Suzanne Wright atalemba nkhani yoyerekeza ana a autism ndi ana amene asowa. Bungwelo linasintha pambuyo pake: mu 2015 linalowetsa anthu awiri a autism mu bodi yake, ndipo mu 2016 linachotsa mawu onena za kuchiza pa cholinga chake. Zinatenga zaka 10 kuti bungwe lonena kuti likuyankhulira anthu liwapatse mpando anthuwo.

Ife sitifunika kudikira zaka 10, chifukwa phunziroli tili nalo pakhomo. Nkhani ya anthu achialubino inayamba kumveka mosiyana pamene eniake, kudzera m'bungwe lawo la APAM, anayamba kudziyankhulira, ndipo mu 2021 yemwe anali mtsogoleri wawo, Overstone Kondowe, analowa m'Nyumba ya Malamulo ngati phungu wa Nkhotakota North East. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'dziko muno muli anthu akuluakulu a autism amene amayankhula bwinobwino, ena ali pantchito, ena ali m'makoleji, ena sanauzidwepo dzina la chimene chimawasiyanitsa ndi anzawo. Pa ndandanda wa oyankhula, mmodzi wa iwo aime patsogolo pa dokotala, patsogolo pa ine kholo.

Nanga amene sayankhula, ngati wanga? Amenewonso amanena maganizo awo, kungoti ife sitifuna kumva. Mwana akagwira makutu pamene bandi ikuimba kutsogolo kwa ndawala, wanena. Akabisa nkhope kamera ikayandikira, wanena. Ndimadabwa chaka chilichonse kuti mwambo wokonzedwa m'dzina la ana amene phokoso limawapweteka ndi umene umakhala ndi zimkuzamawu zazikulu kwambiri, dzuwa lili pamutu, zoyankhula maola atatu. Ndipo kanema wa mwana atadzazidwa ndi mkwiyo, akudzigudubuza pansi, akangoikidwa pa Facebook sachokanso. Adzamupeza ali ndi zaka 25, anzake a m'dera akumuonetsana pafoni. Kholo limene lasainira kapepala ka chilolezo nthawi zambiri limakhala likuyembekeza thumba la ufa kumapeto kwa mwambo, ndiye sindikudziwa ngati chimenecho tingachitche chilolezo.

Mphindi za pawailesi zimene zimathera pa nyimbo zachisoni zikanatha kunena zinthu zogwirika. Mwana akafika chaka ndi theka kapena zaka ziwiri koma satembenuka akaitanidwa dzina, saloza chinthu ndi chala kuti akuonetseni, sakuyang'anani m'maso, kapena mawu amene anayamba kunena asowa, mukanene kusikelo, muwauze alangizi a zaumoyo, ndipo makutu ake ayezedwe kaye chifukwa mwina ndi vuto la kumva. Palibe mankhwala a sing'anga kapena a m'botolo amene amachotsa autism, ndiye musagulitse mbuzi. Mwanayo amaphunzira, pang'onopang'ono, makamaka zinthu zikamachitika mwadongosolo lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo zithunzi ndi manja zimathandiza pamene mawu akana. Akayamba kukuwa pamsika, si mwano ndipo chikoti sichithandiza, muchotseni paphokosopo. Uthenga wotere sukhetsa misozi, koma agogo akaumva amadziwa chochita mawa m'mawa.

Chinthu china chimene zikwangwani zimabisa ndi chakuti ana amakula. Nkhope za pa kampeni nthawi zonse ndi za tiana ta zaka zinayi, zisanu. Mu Epulo 2025 nduna ya zaumoyo ya America, Robert F. Kennedy Jr., inanena pagulu kuti autism imaononga mabanja, ndipo kuti ambiri mwa ana amenewa sadzagwira ntchito kapena kulipira msonkho. Ndinakumbukira Donald Triplett. Uyu ndiye anali woyamba pa ana 11 amene dokotala Leo Kanner anawafotokoza mu 1943, m'nkhani imene inachititsa kuti autism idziwike ngati chinthu pachokha. Ali wamng'ono makolo ake anakamusiya kumalo osungirako ana, monga ankalangizira madokotala a nthawiyo, koma patatha pafupifupi chaka anakamutenga. Anakulira m'katauni ka Forest ku Mississippi, anamaliza koleji, ankayendetsa galimoto, ankasewera gofu, anayenda m'mayiko ambiri, ndipo anagwira ntchito kubanki ya m'tauniyo zaka zoposa 60. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Ndisabise, banja lake linali lolemera ndipo bankiyo inali yokhudzana ndi banjalo. Si aliyense adzakhale Triplett. Koma chimene anthu amene analemba za moyo wake amatsindika ndi chakuti tauni yonse inkamudziwa ndi makhalidwe ake onse, ndipo inkamutenga ngati wawo. Chimenecho mudzi wa ku Malawi ungathe, mwinanso kuposa Mississippi, ngati sunauzidwe kaye kuti mwanayo ndi chizimba kapena mliri.

Makolo a ana aakulu tikakumana pamzere wa kuchipatala sitikambirana za buluu. Funso lathu ndi limodzi, ndipo timalifunsa motsitsa mawu: ndikadzafa adzakhala ndi ndani? Ine ndili ndi zaka zopitirira 50. Ndikudziwa mmene zimakhalira mwini sitolo akamwalira, achibale amene sanabwerepo kudzaona mwanayu amafika maliro asanatuluke m'nyumba, maso ali pa makiyi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda chuma, koma mnyamata amene sangathe kufotokoza dandaulo lake kwa mfumu kapena kwa DC lamulolo limufikira bwanji? Bungwe limene lidzabwereke holo yopanda chimkuzamawu, n'kuitana loya kuti atiphunzitse kalembedwe ka wilo yoteteza mwana wotere, ndi mmene tingasankhire womuyang'anira amene sadzagulitsa nyumba, lidzadabwa ndi kuchuluka kwa makolo amene adzabwere popanda kulonjezedwa tisheti kapena alawansi. Ine ndidzabwera ndi mkazi wanga, ndi mchemwali wake wa mnyamatayu, chifukwa dzina la mchemwaliyo ndi limene tikuganiza kulemba pa pepalalo.